Chipinda Chimene Ndinamangira Amayi Kawiri

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa andipatsa nthawi yochepa, ndipo a Chirwa kumbuyoko ayamba kale kuyang'ana wotchi, choncho sindizungulira. Dzina langa ndine Fanuwelo, bambo a Tadala. Ambiri muno mu South Bend simundidziwa nkhope, koma dzina lina lija mukulidziwa: a Mwendowambuzi. Eya, sekani, palibe mlandu. Kavidiyo kaja kanafika m'mafoni mwanu, ndipo ena munakatumiza mpaka ku Lilongwe. Munthu wake ndi ineyo.

Ndaima pano chifukwa ndamva kuti ambiri mwagula nyumba, ndipo ena mukukonza zoitanitsa makolo kumudzi. Tikumwa tiyi panja paja ndamvanso abambo ena akuyeza kale ndi pakamwa malo a kuseri kwa nyumba zawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine nkhani ya kuseri kwa nyumba inandichotsa ntchito, inandigoneka m'chitolokosi, ndipo inalanda amayi anga chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha.

Amayi anga, Anaphiri, sanali mayi wongokhala pamkeka. Ku Ndirande anali ndi nyumba za lendi zomangitsa okha, ndipo alendi ankawaopa kuposa apolisi. Tinawaitanitsa kuno kudzatithandiza mwana wachiwiri atabadwa, mapepala awo n'kulongosoka, n'kukhazikika. Kenaka tsiku lina sitiroko inawagwetsa m'khitchini. Anatuluka m'chipatala mbali ya kumanzere yonse itafa, koma mutu ndi pakamwa zili bwinobwino.

Nyumba yathu ili m'kamzinda kena kunja kwa Indianapolis. Ndi yosanja. Zipinda zogona ndi bafa zili m'mwamba, masitepe ake ngati makwerero a mmisiri. Amayi sakanatha kukwera, choncho tinawaikira bedi pabalaza. Mkazi wanga, mayi a Tadala, ankawasambitsa m'beseni pomwepo, ana titawathamangitsira m'mwamba. Alendo akabwera, amayi ankadzifunditsa bulangete kumutu ngati kuti kulibe munthu. Tsiku lina anandiitana.

"Iwe Fanuwelo, ine ndamangira anthu nyumba moyo wanga wonse. Lero ndizigona pamsewu? Ndimangire kanga, kokhala ndi chitseko."

Ndicho chokha anandipempha, abale. Chitseko choti azitseka.

Mmalawi akamva mawu otere, mutu wake umathamangira kumodzi: boyizikota. Kwathu puloti iliyonse ili ndi kanyumba kuseri, ndipo palibe amafunsa. Ndinayang'ana bwalo lathu lakuseri, ndinati malo ndi anga, ndinagula ndekha, andiuza ndani? Ndinapeza mmisiri wina wosakonda mafunso ambiri. Tinagwirizana kuti kanyumbako kakanikizike kumpanda kwenikweni, kuti patsale malo odzala mpiru ndi maungu.

Palinso matenda ena amene tinabwera nawo pandege. Ife zinthu sitinena zisanapse. Kwathu munthu amauza abale ake za ulendo wa kunja ali kale pabwalo la ndege, kuopa nsanje. Ndiye aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti ndikumanga shedi yosungiramo makina otchetchera udzu.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala a Haroldi, mzungu wachikulire wopuma pantchito ya njanji, amene mkazi wawo anamwalira. Loweruka lina anatsamira mpanda n'kundiitana.

"Fanuwelo, shedi yanji yokhala ndi mapaipi a chimbudzi? Mwapitako ku ofesi ya mzinda? Komanso mwayandikitsa kwambiri. Denga limeneli lizithira madzi kwa ine."

Ndinamwetulira kumwetulira kwathu kuja, ndinati zonse zili m'malo mwake. Nditalowa m'nyumba ndinauza mkazi wanga kuti nsanje ija yayamba.

"Bambo a Tadala, bwanji osangopita kukafunsa?" anatero. "Ofesi yake ili pompa, pafupi ndi laibulale."

"Mukafunsa ndiye kuti mwawapatsa mpata wokana," ndinayankha, n'kudziona wochenjera.

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine anthu awiri ananditsina khutu tsiku limodzi, mmodzi ndinamutcha wansanje, winayo wamantha.

Kanyumba kanatha denga, mawindo ndi chitseko. Kanatsala penti. Amayi ankakayang'ana pawindo la pabalaza n'kumasankha kale makatani. Ndiye kunagwa chimvula cha masiku angapo. Madzi a padenga langa anatsetserekera kwa a Haroldi n'kudzaza besimenti yawo, chipinda cha pansi pa nthaka ngati chino tikukhalamochi. Sabata yotsatira kunabwera inspekita wa mzinda. Anazungulira, anajambula zithunzi, anamata chipepala pachitseko chatsopanocho choti ntchito iime, ndipo munthu asagonemo.

Ndi tsiku limenelo ndinamva koyamba tanthauzo la zoningi. Mzinda wonse anaugawa kale: kuno masitolo, uko mafakitale, uku nyumba. Dera lathu lamulo lake n'lakuti puloti imodzi, nyumba yokhalamo imodzi. Komanso chilichonse chomangidwa chiyenera kutalikirana ndi malire. Ine ndinaswa zonse ziwiri. Inspekitayo sanali wankhanza. Anati njira ilipo: ndipemphe chilolezo chapadera ku bodi ya zoningi, anthu wamba a mumzindamo amene amakhala pansi kamodzi pamwezi kumva nkhani zotere poyera.

Ndinakaapulaya. Anatumiza makalata kwa aneba onse, ndipo anandipatsa chikwangwani chachikulu choti ndizike pakapinga kutsogolo kwa nyumba, cholengeza tsiku la hiyaringi, msonkhano womva pempho langa. Abale, chikwangwani chimenecho chinkandiwotcha. Ndinkaona ngati ndapachika zovala zamkati pamsewu. Loweruka la sabata imeneyo amayi a kutchalitchi kwathu ankabwera kudzapemphera ndi odwala. Ndinachizula n'kuchibisa m'galaja, ndipo sindinachibwezere. A mzinda anadutsa, anaona kuti palibe, hiyaringi n'kuikankhira kutsogolo. Chisanu chinayamba amayi akadali pabalaza.

Apa ndi pamene mwendo wa mbuzi ukulowera. Ndinapita kwa mkulu wina wa mpingo wathu, munthu wabwino, sindimutchula dzina chifukwa ankafuna kundithandiza. Tinakhala pansi n'kuganiza mwa kwathu. Kwathu nkhani ya malo siyambira pagulu. Umayamba wakaonekera kwa akuluakulu, kuti pofika pabwalo akhale akukudziwa nkhope. Ndipo kwa akuluakulu supita chimanjamanja. Si ziphuphu ayi, ndi ulemu. Mwana wosaleredwa yekha ndi amene amafika manja ali lende.

Ndinafufuza, n'kupeza kuti mayi wina wa m'bodimo amakhala misewu ingapo kuchokera kwathu. Ndinapita ku masitolo a ku Lafayette Road, ndinagula mwendo wa mbuzi wonona bwino. Ndinawonjezera masamba a tiyi a ku Thyolo ndi chitenje chatsopano cha mayi a Tadala, iwo osadziwa. Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinapita awiri, masuti ali thi. Tinagogoda. Atatsegula, ndinawerama pang'ono, ndinadzitchula dzina ndi nkhani yanga, n'kupereka katunduyo ndi manja awiri.

Mayiyo anabwerera m'mbuyo n'kubisa manja kumsana ngati ndawalozetsa njoka.

"Sindingalandire chilichonse," anatero. "Sindiyeneranso kuyankhula nanu za nkhaniyi kunja kwa msonkhano. Mwadziwa bwanji kuti ndimakhala pano?"

Mkulu uja anayesa kufotokoza kuti ndi mwambo wathu. Chitseko chinatsekedwa. Mbuziyo tinadya tokha kunyumba, ndipo ine ndinkadzilimbitsa mtima kuti uthenga wafika basi.

Tsiku la hiyaringi ndinavala suti yomwe ija. Nkhani yanga itaitanidwa, mayi aja anakweza dzanja. Ananena pamaso pa anthu onse, kamera ya mzinda ikujambula, kuti wopemphayu anafika kunyumba kwawo ndi mnzake atanyamula nyama ya mbuzi ndi nsalu, choncho iwo sangavote. Anaimirira n'kutuluka. Wapampando anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa ngati zili zoona. Ine pofuna kukonza ndinati, "Unali mwendo umodzi wokha." Ndi pamene kavidiyo kanu kaja kamathera.

Zimene zinatsatira simunazione. A Haroldi anaimirira ndi zithunzi za besimenti yawo. Sanakweze mawu. Anati m'makatoni amene ananyowa munali zithunzi za ukwati wawo ndi nsalu zimene malemu akazi awo anasoka. Anati anandichenjeza ndipo ndinawanamiza. Nthawi yanga yoyankhula itafika, za amayi ndinanena mawu awiri okha, ena onse ndinathera pa tsankho. Bodi inakana pempho langa n'kulamula kuti kanyumbako kagwetsedwe.

Chisanu chitatha ndinakagwetsa ndekha ndi hamala. Ndinakoka makatani a pabalaza kuti amayi asaone, ndinawauza kuti tikukonza denga. Botolo loyamba ndinagula tsiku lomwelo.

Zinazo ndinena mothamanga, chifukwa nazonso zinathamanga. Ndinali nesi pachipatala china m'tauni. Ndinayamba ndi kamodzi ndikaweruka, kenaka ndisanapite. Kutchalitchi ndinasiya, chifukwa ngakhale ana ankandiona n'kulira ngati mbuzi. Galaja inasanduka bala yanga, ndikumwa moyang'anizana ndi chikwangwani chija. Aliyense wondiimbira foni ndinkamuuza kuti azungu andichita chipongwe. Mayi a Tadala ankagwira mashifiti awiri, kubwera kudzasambitsa apongozi awo, kuphika, kugoneka ana. Analankhula, analira, kenaka anasiya kulankhula.

Tsiku lina masana inali nthawi yanga yoyang'anira amayi. Ndinali m'galaja. Anandiitana kuti ndiwathandize kupita kuchimbudzi, ine osamva. Anayesa okha. Anagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo anagona pansi mpaka Tadala atabwera kusukulu. Ine nesi, wosamalira amayi a anthu ena, anga anali pansi kuseri kwa khoma limodzi. A chipatala atawachita opaleshoni anafunsa mafunso, anamva fungo langa, anati kunyumba kulibe chisamaliro chokwanira. Amayi anapita kunyumba yosungira okalamba.

Pasanapite nthawi apolisi anandigwira ndikuyendetsa nditaledzera, dzuwa likuswa mtengo. Ndinagona m'chitolokosi, laisensi yoyendetsera galimoto anandilanda, kuntchito anandichotsa, ya unesi n'kuimitsidwa. Mayi a Tadala anatenga ana n'kubwera kuno ku South Bend kwa achemwali awo. Ena mwa inu munawalandira, munawapezera ntchito, ndipo simunandinene pamaso pa ana anga. Zikomo. Ine ndinatsala ndekha m'nyumba yosanja, bedi la amayi likadali pabalaza.

Kokaona amayi ndinkapita pabasi, mwa apo ndi apo, nditatafuna chingamu. Ankaonda ulendo uliwonse. Ogwira ntchito kumeneko sanali oipa, koma palibe ankamva Chichewa, ndipo kachingerezi kamene amayi anali nako sikankakwanira. Ndikangolowa funso linali limodzi.

"Nyumba yanga ija?"

"Yatsala pang'ono, amayi. Penti basi."

Ankagwedeza mutu n'kuyang'ana kukhoma.

Tsiku limene ndikufuna mulimvetse linali Lachitatu wamba. Ndinawapeza atakhala panjinga yawo ya olumala pafupi ndi windo, mbale ya chakudya chopota ili pambali yosakhudzidwa. Ndinakhala pabedi. Funso lija silinabwere. Ndinadikira, silinabwere. Mantha anandigwira, ndiye ndinayamba ndekha.

"Amayi, nyumba ija yatsala..."

"Khala chete."

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Iwe Fanuwelo, ine ndinafa mkono ndi mwendo. Mphuno sinafe. Maso sanafe. Ukuganiza kuti katani imabisa phokoso la hamala? Matabwa aja ndinawaona akutuluka limodzilimodzi. Ndakhala ndikukufunsa kuti ndione tsiku limene udzatope kunama. Ndatopa ndine."

Ndinagwada pansi pomwepo, pa matailosi ozizira. Ndinalira ngati mwana, ndinawauza zonse: shedi, chikwangwani, mbuzi, botolo. Pomaliza ndinabwerera kunyimbo yanga ija, ndinati anthu a kuno ndi ouma mtima, ulemu saudziwa.

Amayi anandidula. "Bambo wa kuseri kwa mpanda uja, unamuitana kuti adzaone malire usanakumbe?"

"Ayi."

"Mbuzi unapereka kwa ndani?"

"Kwa mayi wa m'bodi."

Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, kuseka kowawa. "Ndiye ukuti unachita za kwathu? Za kwathu kuti? Ine ku Ndirande nyumba zonse zija, ndisanakumbe maziko ndinkaitana neba wanga Nachisale ndi mwamuna wake. Nachisale ndinkadana naye, anandibera nkhuku, koma ndinkamuitana. Tinkaima pamalire, ine n'kuloza kuti khoma lidutsa apa, madzi a padenga apita uko. Akavomera, ndiye kukumba. Akuluakulu amakhala kutali, iwe. Madzi a denga lako salowa m'nyumba mwawo."

Kenaka mawu anatsika, ndipo sanalinso a mayi woopedwa ndi alendi.

"Ndichotse kuno, mwana wanga. Ndikati ndikufuna madzi amandibweretsera bulangete. Chitseko ichi aliyense amangotsegula."

Abale, ndamva maulaliki ambiri, koma palibe unandiboola ngati mawu amenewo. Ndinkadzitama kuti ndagwa chifukwa chosunga mwambo wathu m'dziko la eni. Zoona zake n'zakuti ndinanyamula mwambo wondikomera, wa kuseri, n'kusiya kumudzi mwambo wovuta, woima pamalire ndi munthu amene sukumufuna. Ndinatuluka m'menemo manyazi atandikwana thupi lonse. Basi inandidutsitsa pasitolo ya mowa, ndipo sindinatsike.

Musaganize kuti ndinachira tsiku lomwelo. Thupi linanjenjemera, ndinabwerera kubotolo kawiri konse. Koma ndikuuzani zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza.

Ndinayamba ndi kuimbira mayi a Tadala. Sindinawapemphe kuti abwerere. Ndinangowauza kuti tsiku limene amayi anagwa ndinali m'galaja ndikumwa, chinthu chimene ndinali ndisanavomerepo. Anati, "Ndinkadziwa. Ndimafuna ndimve kuchokera kwa inu." Kenaka ndinalowa gulu la anthu osiya mowa limene limakumana m'tchalitchi china pafupi ndi kwathu, ndipo mpaka lero ndimapita. Ndinapeza ntchito yonyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu. Nesi wonyamula makatoni, inde, koma wosaledzera.

Ndiye ndinapita ku ofesi ija ya pafupi ndi laibulale. Ndinati ndine uja wa mbuzi, ndabwera kudzafunsa chimene ndinayenera kufunsa poyamba: munthu wofuna kusunga mayi wake wolumala m'dera lathu angamange chiyani? Mayi wa pa ofesipo anatambasula mapu. Anati nyumba yachiwiri yoima payokha siloledwa, koma chipinda cholumikiza kunyumba yaikulu, chapansi, chokhala ndi bafa lake ndi chitseko chake, n'chololedwa. Kwa ife vuto linali laling'ono, loti puloti ndi yopapatiza, ngodya imodzi iyandikira malire, choncho bodi iyenera kuvomereza kachidutswa kameneko. Anati zotere zimadutsa kawirikawiri ngati aneba sakudandaula. Njira inalipo nthawi yonseyi, amayi akugona pabalaza. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadyetsa ndi amayi anga omwe.

Chovuta kwambiri chinali kugogoda kwa a Haroldi. Ndinapita chimanjamanja, dala. Anatsegula n'kuima pakhomo osandilowetsa. Ndinati ndinakunamizani, ndinakuonongerani zinthu za akazi anu, ndinakutchani watsankho pagulu, ndipo ndabwera kudzapepesa. Anati nditsatireni. Tinatsikira m'besimenti. Anandionetsa mzere pakhoma pamene madzi anafika, ndi chithunzi cha ukwati chimene nkhope zinasungunuka. Sananene kuti ndakukhululukirani. Anangofunsa, "Amayi anu aja ali kuti? Ankandikwezera dzanja pawindo."

Nditawauza, anakhala pasitepe. Anati akazi awo nawonso anathera m'nyumba yotero, ndipo mpaka lero sadutsa msewu umenewo. "Mukanandiuza kuti n'za amayi anu," anatero, "ndikanabwera ndi zida zanga."

Loweruka lotsatira tinaima pamalire awiri. Anandionetsa zitsulo zimene oyeza malo anakhomera pansi kalekale, ine sindinkadziwa n'komwe kuti zilipo. Ndinaloza kuti khoma lidutsa apa, madzi a padenga alowa m'paipi n'kupita kumsewu. Anakonza pang'ono ngodya ya paipiyo, n'kuvomera. Ndinazungulira aneba ena onse, khomo ndi khomo, pulani ili m'manja. Chikwangwani chatsopano chitabwera ndinachizika pakati penipeni pa kapinga, ndipo mphepo ikachigwetsa ndinkachidzutsa.

Pa hiyaringi yachiwiri mayi aja a m'bodi analipo. Ndinawapepesa pamaso pa kamera yomwe ija. Ndinanena za amayi, za masitepe, za beseni pabalaza. A Haroldi anaimirira n'kunena kuti pulaniyo aiona ndipo akuigwirizana nayo. Mayi a Tadala anachokera kuno kudzakhala kumbuyo kwanga. Bodi inavomera, manja onse m'mwamba. Kavidiyo kameneko palibe anakatumiza, koma zilibe kanthu.

Chilolezo chinatuluka chisanu chitalowa kale. Nthaka inali itauma gwa, ndipo amisiri anati konkire sangathire mpaka kutafunda. Chimene tinatha ndi kukhoma zikhomo n'kumanga chingwe chosonyeza pamene chipinda chidzakhale.

Pa Khirisimasi anatilola kuwatenga amayi kwa tsiku limodzi. Banja lonse linali pakhomo, koyamba chichokereni. Tisanadye, amayi anati ndikufuna ndikaone. Tinawakaniza kuti kukuzizira, koma Anaphiri sakanizidwa. Tinawakulunga mabulangete, a Haroldi anachotsa chipale chofewa ndi fosholo kupanga njira, ine n'kukankha njinga. Titafika pachingwe ndinafuna kuchikweza kuti tidutse pansi.

"Iwe, m'nyumba amalowera pakhoma? Khomo lili kuti?"

Ndinawaonetsa. Tinazungulira n'kulowera pamene padzakhale khomo. Ndinawaimika pakati. Anayang'ana zikhomo zonse chimodzichimodzi, monga ankachitira ku Ndirande. Anafunsa pamene padzakhale bedi, anati windo likhale loyang'ana kwa aneba. Kenaka analoza a Haroldi ndi dzanja lamoyo lija.

"Awa avomera?"

"Avomera, amayi."

"Ndiye tulukani nonse. Nditsekereni."

Tinatuluka kudzera pakhomo lija. Tadala anagwira m'malere ngati akukoka chitseko, n'kutseka. Tinaima kunja kwa chingwe, amayi ali okha pakati pa chipale, maso atatsinzina. Palibe anawalowerera. Patapita kanthawi anati, "Chabwino. Kukuzizira m'nyumba mwanga muno, ndibwezeni."

Anamwalira mu Febuluwale, kunyumba ya okalamba kuja, chibayo chitawagwira. Ndinali pambali pawo, wosaledzera, ndipo madzi atawafuna ndinawapatsa madzi. Inu munathandiza kuti thupi lipite kumudzi.

Kutafunda tinamanga. Ndinafuna kusiya, koma mayi a Tadala anati chilolezo chilipo, ndipo amayi awo ku Zomba miyendo yayamba kuvuta. Abambo a kutchalitchi anabwera, a Haroldi anabwera ndi zida zawo monga ananenera. Lero m'chipindamo mukugona apongozi anga. Windo likuyang'ana kwa aneba. Banja langa linabwerera, laisensi ya unesi ndikuitsatira pang'onopang'ono, ndipo Mulungu ndimamuthokoza. Koma sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Nthawi imene ndinataya pobisa, pozula chikwangwani ndi m'galaja, ndi nthawi yomweyo imene amayi anali nayo yotsala.

Choncho inu amene mukuyeza kuseri kwa nyumba, mawa lomwe pitani ku ofesi ya mzinda wanu mukafunse, kufunsa salipiritsa. Mukachoka kumeneko gogodani kwa neba, ngakhale amene simumupatsa moni, mumuuze chimene mukumanga ndi amene mukumumangira. Mbuzi idyani nokha. Ndipo ngati alipo muno amene galaja yake yasanduka bala, ndili kumbuyoko tikatha, sindidzakuseka.

M'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito ndimadutsa pachitseko chija. Apongozi amakhala atatseka, ndipo ndimagogoda n'kudikira kuti andiyankhe. Amayi anga chitseko chimenecho sanachigwirepo. M'chipinda chawo analowamo kamodzi kokha, chilibe khoma.

Ambuye akudalitseni. A Chirwa, nthawi yanu nayi.